Gwirankhafi Anadikira Padooko

Ana inu, mwambi uja wa pusi amene anagwa chagada mumaudziwa, ndipo ena mwa inu munaulemba pamayeso osadziwa n'komwe kuti pusiyo anali yani. Akatswiri a mabuku adzakuuzani kuti mwambiwu ndi wakale kuposa magetsi ndi mafoni. Asiyeni anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndinaphunzitsa Chichewa mpaka imvi zinadzaza m'mutu, ndipo pusi amene ndikumudziwa ine analibe mchira. Ankavala buluku la jinzi, ankakhala ku Balaka, ndipo chimene chinalekanitsa nyumba ya kwawo ndi yanga ndi mpanda wa nkhadze basi.

Mwini nyumbayo anali bambo Chakhaza, amene anakalambira pa ntchito ya ukondakitala wa basi. Munthuyo anali ndi mawu. Akakuwa kuti "Ntcheu, Dedza, Lilongwe!" padepoti, ngakhale wogontha ankanyamula katundu. Akazi awo anali atatisiya kale, ndipo anatsala ndi ana awiri: Mayeso, wamkulu, ndi mlongo wake Mtisunge. Mayesoyo bambo ake sankamutchula dzina. Ankangoti Pusi, chifukwa ali mwana akakwera mumtengo wa mango ankatsika atagwira limodzi kudzanja ili, lina kudzanja ilo, lachitatu ataluma, maso akadali m'mwamba kufuna linanso.

Tsiku lina bambo Chakhaza anadzuka mkono ndi mwendo wakumanja zitalemera, pakamwa patapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko, matenda aja opha ziwalo. Patapita nthawi anayambanso kuyenda ndi ndodo, koma lilime linatsalira. Mawu ankatuluka movutikira, ngati munthu akukoka chidebe m'chitsime chakuya. A chipatala analangiza kuti azilankhula tsiku ndi tsiku, kuti lilimelo lisaume. Koma anthufe tili ndi chifundo choipa: munthu akamavutika kutulutsa mawu timamumalizira. Akati "Ndi... ndi...", wina wathamanga kale, "Mukufuna madzi, bambo?" Mwamuna amene mawu ake ankagwedeza depoti anachita manyazi, nasiya kuyesa. Ankangokhala pakhonde, kuyankha ndi mutu.

Nthawi imeneyi Mayeso anali atangomaliza maphunziro ake ku Lilongwe, ndipo anabwerako ndi masewero achilendo a patebulo. Ndikufotokozereni, poti si nonse mukuwadziwa. Anthu amakhala mozungulira tebulo n'kumapeka nthano limodzi. Aliyense amasankha munthu mmodzi wa m'nthanomo, kaya mlenje, kaya msing'anga, n'kumamulankhulira. Wina akafuna kuchita chovuta, monga kulumpha chigwa, amaponya madayisi, timiyala tokhala ndi madontho m'mbali zonse, ndipo madonthowo ndi amene amanena ngati wapambana. Koma pali mmodzi wotsogolera nthano. Iyeyu ndiye amalongosola dziko, ndipo amalankhulira anthu ena onse amene osewerawo akukumana nawo panjira: wogulitsa pamsika, mlonda wa pachipata, wakuba wa m'nkhalango. Mayeso ndiye anali wotsogolera. Osewera anali Mtisunge ndi anzake a Mayeso awiri, ndipo mmodzi mwa iwo, Limbikani, anali wapakamwa ngati wailesi. Ankasewera Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango uja.

Ndisamunamizire mnyamatayo, mtima wabwino anali nawo. Nzeru imene ndikuti ndinene inali yake, palibe anamuuza. Lamulungu lina anapita pakhonde nagwada pafupi ndi bambo ake.

"Ababa, ndili ndi vuto. M'dziko la nthano yathuyi muli mtsinje waukulu wopanda mlatho, ndipo padooko pakufunika nkhalamba yoolotsa anthu pabwato. Ine mawu anga ndi achibwana, sizikumveka. Mungandithandize?"

Bambo Chakhaza anapukusa mutu, naloza pakamwa pawo.

"Zimenezo ndiye zikufunikazo, ababa. Nkhalambayi dzina lake ndi Gwirankhafi, ndipo sithamanga polankhula. Ili ndi lamulo limodzi lokha: womudula mawu kapena kumumalizira, bwato limabwerera naye kumene wachokera."

Anawanyamulira mpando mpaka patebulo. Osewera atafika padooko, bambo Chakhaza anagwira ndodo yawo ngati nkhafi, nayamba: "Mu... mu... muku..."

"Tikupita kutsidya, agogo!" anatero Limbikani, amene kudikira kunali ngati chilango kwa iye.

Nkhalamba inamuyang'ana, n'kutembenuza ndodo, n'kuyamba kupalasira m'mbuyo. "Bwe... bwerera!"

Chiphwete chimene chinabuka pamenepo ndinachimva ndili kukhitchini kwanga. Ndinasuzumira pampanda, ndipo ndinaona bambo Chakhaza akuseka mpaka misozi, koyamba chidwalireni. Kuyambira tsiku limenelo, aliyense patebulopo anaphunzira kudikira. Mayeso ankapotoza nthano mwadala kuti ulendo uliwonse udutse pamtsinje. Gwirankhafi anayamba ndi mawu amodzi, kenako awiri, kenako ankafunsa alendo kumene akupita, kuwanyoza kuti akulemeretsa bwato, kuwachenjeza za ng'ona. Bambo Chakhaza anafukula chipewa chawo chakale cha ukondakitala, ndipo Lamulungu likafika ankakhala oyamba patebulo, chipewa kumutu, ndodo pamiyendo.

Tsono ntchito ya wotsogolera nthano ndi yolemetsa. Sabata iliyonse ayenera kupeka anthu atsopano, aliyense ndi dzina lake, khalidwe lake ndi kalankhulidwe kake. Mayeso anali atapeza ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira, ndipo ankafika kunyumba mutu utatopa. Mnzake wina anamulozera tsamba la pa intaneti lopangira anthu otere. Umangosankha kuti ukufuna mwamuna kapena mkazi, wa ntchito yanji, wokoma mtima kapena wankhanza, n'kudina. Pomwepo munthu watulukira pafoni: dzina, chithunzi cha nkhope, mbiri ya moyo wake, chinsinsi chimene akubisa, ngakhale mawu amene amakonda kunena. Ngati sanakusangalatse, umadinanso, kutuluka wina.

Chidacho ine sindichiimba mlandu. Khasu silinakhalepo ndi mlandu wa munda. Poyamba chinamuthandizadi. Chinamupatsa mayi wa diso limodzi woweta njuchi, amene Mtisunge anamukonda kwambiri. Chinamupatsa wosula zitsulo woopa moto, amene anaseketsa anthu. Mayina ake anali achilendo, koma Mayeso ankawasintha kuti amveke akwathu. Vuto linali mwa mwini foniyo. Paja ndanena za mango aja. Munthu amene kale ankafuna anthu awiri pa sabata tsopano ankabwera ndi khamu. Osewera asanamalize kupereka moni kwa woweta njuchi, kwatulukira mapasa ogulitsa mchere. Asanamve za mchere, kwatulukira mfumukazi yothawa kwawo. Mayeso ankangoti, "Taonani ichi, chakoma bwanji! Dikirani, ichinso!"

Ndiye tsiku lina foni inamupatsa mmisiri womanga milatho, chimphona cha ndevu zoluka, amene mbiri yake inati analumbira kuti sadzasiya mtsinje uliwonse wopanda mlatho. Mayeso anamukonda. Anamulowetsa m'nthano Lamulungu lomwelo, ndipo chimphonacho chinamanga mlatho wamiyala pamtsinje waukulu uja. Osewera anaoloka akuyenda, osanyowa ndi chala chomwe. Mayeso ankawerenga pafoni mawu a chimphonacho, osatukula maso. Akanatukula, akanaona bambo ake atagwira ndodo, pakamwa patatseguka pang'ono, kudikira alendo amene anali atadutsa kale.

Masewero atatha, Mtisunge anamukokera pambali.

"Achimwene, mwaona chimene mwachita? Mlatho uja wawalanda ababa ntchito."

"Aa, iwenso! Gwirankhafi alipobe. Sabata yamawa ndiwapezera chochita."

Sabata yamawa inafika ndi anthu ake atsopano, inanso chimodzimodzi. Bambo Chakhaza sanasiye kubwera patebulo. Ankavala chipewa, n'kukhala, n'kumvetsera, mpaka masewero kutha. Kenako ankavula chipewacho n'kubwerera pakhonde. Sanadandaule kwa munthu.

Koma ine ndinkadziwa chimene ana awo sankadziwa. M'mawa uliwonse, Mayeso akapita kusitolo ndipo Mtisunge kumsika, ndinkathirira ndiwo zanga pafupi ndi mpanda. Kuseri kwa nkhadze ndinkamva mawu. Bambo Chakhaza ankakhala okha pansi pa mtengo wa mango, akuyeserera zimene Gwirankhafi adzanene alendo akadzafikanso padooko. Ankayamba, lilime n'kugwira, n'kupuma, n'kuyambiranso pachiyambi. Anachita zimenezi nyengo yonse yotentha ija. Zinkandikhudza kwambiri, moti nthawi zina ndinkasiya kuthirira kuti phokoso la madzi lisawachititse manyazi.

Ndinamuyimitsa Mayeso panjira tsiku lina.

"Mwanawe, bambo ako ali ndi mawu amene akukonzera masewero anu aja. Akuwayeserera m'mawa uliwonse. Apatse mpata."

"Zoona, aphunzitsi? Ndiye ndiwakonzera tsiku lalikulu. Mudzaona, lidzakhala tsiku losaiwalika."

"Sakufuna tsiku lalikulu. Akufuna Lamulungu likubwerali."

Anaseka mwaulemu, nati wamva. Koma foni inali kale m'manja.

Zinthu sizidikira munthu. Mtisunge anapeza malo kusukulu ya unamwino ku Mzuzu, ndipo panalibenso wokhala ndi bambo Chakhaza masana. Abale anakhala pansi, ndipo mlongo wawo wa bambowo, amene anawo ankati azakhali, anati awatenga kumudzi kwawo ku Ntcheu kuti akawasamale. Anagwirizana kuti galimoto idzabwera Lamulungu masana. Aliyense anadziwa kuti limeneli ndi Lamulungu lomaliza patebulo lija.

Loweruka lake Mayeso anauza bambo ake kuti, "Ababa, mawa konzekani. Mawa alendo afika padooko, ndikulonjeza."

Bambo Chakhaza anavala malaya awo oyera a kutchalitchi ndi chipewa chija. Zikwama zinali zitamangidwa kale pakhonde. Inenso anandiitana, ndipo ndinakhala pampando chapatali. Mayeso anayamba bwino, ndisabise. Anati mvula yamphamvu inagwa kumapiri, mtsinje unasefukira, ndipo mlatho wa chimphona unakokoloka wonse. Osewera anaima pagombe, adani akuwalondola kumbuyo, njira ina palibe koma bwato.

Bambo Chakhaza anawongoka pampando. Anagwira ndodo ndi dzanja lawo labwino, nakoka mpweya.

"Dikirani pang'ono, ababa," anatero Mayeso. "Tsiku ngati lalero pagombe pasakhale pouma. Pakhale khamu la anthu othawa madzi, onse akulirira bwato lanu. Ndipange atatu okha."

Anadina. Kunatuluka mayi wobereka mwana wodwala. "Ichi chakoma!" Anadinanso. Kunatuluka msilikali wothawa nkhondo atavala zachikazi. "Ayi, ichi ndiye chakoma!" Anawerenga mbiri ya msilikaliyo yonse, mpaka dzina la galu wake.

"Achimwene, nthawi," anatero Mtisunge.

"Ndamaliza, ndamaliza. Foni yangayi ikuchedwa. Tandibwereka yako, ndizipanga kuwiri."

Mtisunge anakana, koma Mayeso anaitola patebulo. Tsopano anali ndi foni kudzanja ili, ina kudzanja ilo. Netiweki pansi pa mtengopo inali yovuta, ndiye anatsamira m'mbuyo, mpando wapulasitiki utaima ndi miyendo iwiri yakumbuyo, manja onse ali m'mwamba. Ankayang'ana kumanja, "Ichi chakoma," n'kuyang'ana kumanzere, "Ichi chakoma." Ngakhale Limbikani, wapakamwa uja, ankangoyang'ana nkhalamba imene inali itagwirabe ndodo.

Mpando unayamba kupendama. Woyamba kuona anali bambo ake. Anatambasula ndodo ija msangamsanga kuti mwana wawo agwire, ndipo nsonga yake inafika pachifuwa pake penipeni. Koma agwire ndi chiyani? Manja onse anali odzaza, ndipo sanafune kutaya foni ngakhale imodzi. Mwendo wa mpando unathyoka, ndipo Mayeso anagwa chagada, fumbi kobo, mapazi m'mwamba, mafoni ali chigwirire.

Palibe anaseka. Bambo Chakhaza anabweza ndodo yawo pang'onopang'ono, namuyang'ana mwana wawo ali pansipo. Nkhope yawo sinali yaukali. Inali ya munthu wotopa. Kenako analankhula, ndipo tonse tinadikira monga mwa lamulo la Gwirankhafi, wopanda wowamalizira.

"Ichi... chakoma. Ichi... chakoma. Pusi... anagwa... chagada."

Anali mawu ambiri kuposa onse amene ananenapo pagulu kuyambira tsiku limene mlatho uja unamangidwa. Asanatseke pakamwa, hutala inalira kumsewu. Galimoto inali itafika, ndipo azakhali analowa pabwalo ndi dalaivala, amene anali ndi ulendo wina womudikira.

Mayeso anadzuka, naponya mafoni patebulo. "Azakhali, tipatseni kanthawi kochepa chabe. Ababa, afika! Alendo afika padooko. Gwirankhafi akuti chiyani?"

Bambo Chakhaza anatsegula pakamwa. Anayang'ana dalaivala, munthu wachilendo amene ankaseweretsa makiyi m'manja. Anayang'ana mlongo wawo. Kenako anayamba, "Mwa... mwa..."

"Akuti mwatsala bwino," anatero azakhali mwachifundo, poti lamulo la patebulopo sankalidziwa. "Tiyeni achimwene, musadzivutitse."

Nkhalamba inatseka pakamwa. Inavula chipewa, n'kuchiika patebulo pafupi ndi madayisi, n'kutsamira ndodo kupita kugalimoto.

Kumudzi anawasamala bwino, chakudya ndi zovala sizinasowe. Koma kunalibe tebulo, kunalibe dooko, ndipo aliyense ankawamalizira mawu mwachikondi. Lilime linauma. Mayeso ankanena kuti adzapita ndi anzake kukasewera komweko, tchuthi chikapezeka. Anapitadi kamodzi yekha, koma bambo ake anangomugwira dzanja, osatulutsa liwu. Chimanga chisanache, uthenga unabwera kuti bambo Chakhaza atisiya.

Maliro atatha, Mayeso anabwera kwanga. Anaima pampanda pomwe ndinkathirira ndiwo, chipewa cha bambo ake chili m'manja. Anali ataonda.

"Aphunzitsi, munati munkawamva akuyeserera. Chonde ndiuzeni. Gwirankhafi ankafuna kunena chiyani?"

Ndinalakalaka ndikanakhala nazo zonse kuti ndimupatse. Koma ndinamuuza zoona, kuti bambo ake sankafika kumapeto. Lilime likagwira ankayambiranso pachiyambi, ndipo akadutsa pamenepo ankatsitsa mawu, moti kuseri kwa mpanda sindinkamva. Chimene ndinamva, m'mawa ndi m'mawa, chinali chiyambi chokha.

"Ndiuzeni chomwecho."

"Ankati, 'Mwafika, ana anga. Ndinakudikirani. Khalani pansi, ndikuuzeni.'"

"Kenako?"

"Kenako sindikudziwa, mwanawe. Zotsalazo anapita nazo."

Mnyamatayo anakhala pansi m'fumbi momwemo nalira ngati mwana. Kunena zoona, nanenso ndinalira. M'foni mwake munali anthu osawerengeka, aliyense ndi mbiri yake yonse mpaka chinsinsi chake. Koma wa m'nthano mmodzi yekha amene anali ndi mpweya, amene ankafuna kumuuza kanthu, sanamumve.

Limbikani ndi amene anafalitsa mawu aja a pusi wogwa chagada. Pakamwa pake mukupadziwa. Anawanena kumsika, anawanena kumpira, mpaka anthu amene sanamuonepo Mayeso anayamba kuwanena akaona munthu wogwira uku ndi uku. Mayeso sanasiye masewero, ndipo tsamba lija amaligwiritsabe ntchito. Koma ndimamva kuti amadina kamodzi, n'kuika foni chafufumimba, n'kumuyang'ana amene ali patebulo. M'dziko la nthano yake mtsinje waukulu uja ulibe mlatho mpaka lero, ndipo padooko pali bwato lomangirira lopanda mwini.

Ndiye mukamva akulu akuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," dziwani chimene akutanthauza. Sakunena kuti zokoma ndi zoipa. Mayi woweta njuchi uja anali wokomadi, msilikali uja anali wokomadi. Akunena kuti zokoma sizitha, koma manja ndi awiri okha, ndipo nthawi ndi yochepa kuposa manja. Munthu wofuna kugwira chilichonse chimene chamukomera m'maso amatsala wopanda dzanja logwirira chimene chikanamuchirikiza. Sankhani chimodzi, muchigwire, muchimalize. Ndipo ngati kwanu kuli munthu amene amachedwa kutulutsa mawu, ikani pansi zimene zili m'manja mwanuzo, mumudikire lero lomwe. Mayeso anali ndi masiku a Lamulungu ambirimbiri, ndipo lililonse ankati likubwera linzake.